Botolo Lolembedwa Dzina la Amayi

Chisepo, Dowa
9 Disembala 1990

Okondedwa achimwene Andireya,

Kaya moyo wanu uli bwanji ku Blantyre kumeneko? Ife kuno tilipo, kupatula Amayi. Mwana wanga Roza wayamba kukwawa, moti dothi akudya kuposa phala. Bambo ake akadali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, zii, ngakhale moni.

Achimwene, Amayi sali bwino. Chifuwa chija munachimva nokha pa Pasaka sichinathe. Aonda moti chitenje akuchizunguliza kawiri, ndipo akamadzuka mphasa imakhala ili nyowe ndi thukuta. Ine ndinasamukira m'nyumba mwawo kuti ndiziwatembenuza ndi kuwapatsa madzi. Kuchipatala chaching'ono tinapita, koma anangotipatsa mapiritsi oyera aja amapatsa aliyense, wa mutu ndi wa mwendo yemwe. Akuti mankhwala oyezera makhololo anatha kalekale. Kuboma sitingafike. Mvula yayamba, ndipo msewu wathu mukuudziwa nokha.

Anthu akutiseka kuno. Akuti nyumba yobala dokotala, koma mayi ake akutsokomola ngati nkhosa. Ndiziwayankha chiyani ine? Komanso udokotala wanuwo ndi wamtundu wanji, wosagwira odwala? A Zuberi a sitolo akuti atabwera kudzakuonani anakupezani mutavala choyera, mukusuzumira m'kachitsulo tsiku lonse ngati munthu wotaya singano. Ndiye zimenezi n'zimene munapitira ku Ulaya?

Lembani msanga. Ngati kungatheke mutiganizireko feteleza, chimanga chayamba chikasu.

Ndine mlongo wanu,
Sabina

Blantyre
4 Januwale 1991

Mlongo wanga Sabina,

Kalata yako yafika mochedwa, ndipo yafika itamatidwa kawiri. Sindikudandaula ayi, ndikungoti tizilemberana za banja zokha.

Za Amayi zandidetsa nkhawa kwambiri. Ndikanakwera basi lero lomwe, koma tamvera. Kuno akutsegula sukulu ya madokotala, kuti ana athu asamavutikenso kunja monga ndinavutikira ine. Dzina langa lili pa anthu amene akuwaganizira kuti akaphunzitse za tizilombo toyambitsa matenda. Tsiku lililonse angathe kundiitana kukandifunsa mafunso. Ndikachoka pano, mpando umenewu upita kwa wina.

Wanyoza ntchito yanga, ndiye ndikuuze. Dokotala wa kuwodi amaona wodwala, ine ndimaona chimene chikumudya wodwalayo. Amanditumizira magazi, mafinya kapena makhololo. Tizilombo tina ndimatipaka utoto n'kutiona pa kachitsulo kajako, ndi makina okuza zinthu. Tina ndimachita kuweta. Eya, kuweta! Timathira magazi a nkhosa m'timbale tagalasi, n'kuikamo tizilomboto, n'kutsekera m'kabati yofunda. Pakapita masiku timachulukana, ndipo pamenepo ndimadziwa mtundu wake ndi mankhwala ake. Nkhosazo tili nazo kuseri kwa chipatala, zikandiona zimathawa.

Tsono chita izi. A Zuberi akubweretsera thumba la feteleza ndi botolo laling'ono la chivindikiro chofiira. Tsiku limene iwo adzanyamuke kubwera ku Limbe kudzaoda katundu, Amayi adzadzuke m'mamawa, asanadye kanthu, apite kuseri kwa nyumba okha, atsokomole kuchokera pansi pa chifuwa n'kulavulira m'botolomo. Malovu ayi, makhololo enieni. Udzatseke zolimba, ulembe dzina lawo lonse pabotolo, ulikulunge m'nsalu lisaone dzuwa. Usauze anthu. Ukudziwa mmene amamusalira munthu akangomva za chifuwa chachikulu.

Undipsompsonere Roza, ndipo umuletse dothilo.

Ndine mchimwene wako,
Andireya

Chisepo
20 Januwale 1991

Mphwanga Andireya,

Ndine malume ako Agustino, mwinimbumba, ngati sukulu siinakuiwalitse mawu amenewa. Moni sindichulutsa.

Kalata yako kwa Sabina ndaimva yonse. Usamukalipire, ndinachita kumulanda ndine, chifukwa chilichonse chokhudza thupi la mlongo wanga sichingadutse kumbali kwanga.

Ine ndine mkhristu, Misa sindijomba, koma ndinabadwira konkuno ndipo maso ndili nawo. Munthu wofuna makhololo a mayi ake, a m'mamawa, a kuseri kwa nyumba, dzina lolembedwa, dzuwa lisaone, anthu asamve, kwathu kuno timadziwa chimene akufuna. Akufuna kukhwima. Aroni wa ku Bowe uja anagula chigayo anayambanso choncho, kupempha tsitsi la mwana wa mlongo wake. Lero mwanayo amangokhala pakhonde, dovu chuchuchu, chigayo chikulira. Iwe ndiye wachita kulemba ndi dzanja lako kuti umaweta tinthu m'kabati, n'kumatidyetsa magazi a nkhosa. Ndinauza Sabina abwereze pamenepo, ndimayesa makutu anga akundinamiza.

Tiye tikumbutsane. Bambo ako anamwalira iwe uli ku Ulaya. Maliro sunabwere. Tisanamete n'komwe tinalandira chithunzi chako utavala mkanjo ndi chipewa cha digiri, mano onse pamtunda. Tinati mwina zangokumana. Lero ukufuna mpando wina, ndipo watumiza botolo. Galu wamkota sakandira pachabe, mphwanga.

Ngati ndiwe dokotala, bwera ndi jakisoni wako masana, anthu akuona. Za botolo ndaletsa, ndipo ndauza mbumba yonse.

Feteleza talandira, tathira.

Malume ako,
Agustino

Blantyre
2 Febuluwale 1991

Sabina,

Kalata ya malume ndaiwerenga. Ine? Ine kukhwimira Amayi, amene ankasenza mtedza mpaka ku Mponela kuti ndisathamangitsidwe kusukulu? Uthenga wa maliro a Bambo unandipeza iwo ataikidwa kale, ndipo ndinalira ndekha m'chipinda chozizira, wondipepesa panalibe. Chithunzi chija ndinatumiza kuti ndikutonthozeni. Sindinadziwe kuti mukuchisunga ngati umboni.

Jakisoni sindingabwere naye mwakhungu. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi a miyezi yambiri, ndipo satuluka m'chipatala popanda umboni woti tizilombo taoneka. Umboniwo uli m'chifuwa mwa Amayi, ndipo njira yake ndi botolo lija basi.

Iwe Sabina unandidziwa ndili ndi zigamba kumatako. Malume ayankhule zawo, koma iwe? Pakadafunda padajiwitsa galu. Tumiza botolo, iwo asadziwe.

Andireya

Chisepo
11 Febuluwale 1991

Achimwene,

Botolo lanu ndi limenelo. Zonse zachitika monga munanenera, m'mamawa, kuseri kwa nyumba, ndipo dzina la Amayi ndalemba lonse. Malume sakudziwa.

Chimene mukachite nalo, Mulungu akuona. Ngati mtima wanu uli woyera, palibe chiti chionongeke. Ngati si choncho, Roza mudzandilerere.

Sabina

Blantyre
15 Febuluwale 1991

Mlongo wanga,

Zikomo, zikomo kwambiri. Ndikulemba mothamanga kuti a Zuberi abwerere nayo kalatayi. Akuti apolisi a pamsewu anafuna kutsegula botolo, koma atamva kuti ndi makhololo analibweza msangamsanga.

Ndayeza ndekha, sindinapatse wina. Tizilombo ta chifuwa chachikulu tikapakidwa utoto timaoneka ngati timitengo tofiira. Nthawi zina munthu umafufuza mpaka khosi kuwawa kuti upeze kamodzi. M'botolo la Amayi ndangoika diso, tili mbwee paliponse. Ndinatseka chitseko n'kukhala pansi kaye.

Koma usachite mantha, matendawa amachizika. Ndaikamo chikalata chopita kwa dokotala wa kuboma. Pezani ngolo ikawafikitse Amayi pamsewu waukulu sabata ino yomwe. Makadi a chipani musaiwale, mungabwezedwe pokwerera basi. Roza asagonenso m'nyumba imodzi ndi agogo ake, ndipo iwenso ukafika kumeneko ukayezetse.

Nkhani yabwino ndi yoti mafunso aja anandiitana, ndipo ndakhoza. Mpando ndi wanga, yatsala kalata yotsimikiza. Uwauze Amayi, mwina aseke pang'ono.

Za kulera Roza sindinamve chimene umatanthauza. Ukupita kuti iwe?

Mchimwene wako,
Andireya

Chisepo
10 Malichi 1991

Andireya,

Ukudabwa kuti kalata yako sinayankhidwe? Woyankha ali gone.

Sabina anagwa m'chigafa akusoka fodya, n'kulavula magazi anthu akuona. Titamupanikiza waulula zonse. Makhololo amene anakutumizira sanali a mayi ako. Anali ake. Anangolembapo dzina la mayi ako. Akuti mumtima mwake anati, ngati botololi likufuna munthu, litenge ine, Amayi atsale.

Tsono undiuze, iwe wophunzira. Mtsikana amene analima yekha munda wonse chaka chino, walavulira m'botolo lako, mwezi sunathe wagwa. Iwe uko mpando wapata, wachita kulemba wekha. Ukufuna ndione chiyaninso? Ndinanena ine, koma mawu a akulu amakoma akagonera.

Chikalata chako cha kuboma ndatentha. Palibe wa mbumba yanga amene apite kumene iwe walozako. Odwala athu tiwasamala tokha, ndipo phazi lako lisaponde pano.

Agustino

Blantyre
16 Malichi 1991

Sabina, mwana wa amayi anga,

Kalatayi ndadzeretsa kwa mayi Nafisa, akazi a Zuberi, kuti isagwe m'manja mwa malume.

Wachitiranji zimenezi? Zandipweteka, sindikubisira. Unandiyesa mfiti mpaka kudziika wekha pamsampha. Koma ukali ndausiya pambali, chifukwa nthawi palibe.

Tamvera bwino. Tizilombo tija sindinaikemo ine. Tinali kale m'botolo lisanachoke ku Chisepo, chifukwa tinali kale m'chifuwa mwako. Miyezi yonseyi wagona mphasa imodzi ndi Amayi, chitseko chotseka, iwo akutsokomolera kumaso kwako. Dzifunse wekha, usandiyankhe ine. Kodi botolo lisanabwere sunkatsokomola? Sunkadzuka ndi thukuta? Unkati ndi kutopa ndi fodya, si choncho?

Ndiye odwala ndi awiri, ndipo Roza akuyamwa. Ndapempha tchuthi, akuti ndidikire mnzanga abwere chifukwa labotale singatsale yopanda munthu. Musandidikire. Kwerani lole ya a Zuberi nonse atatu, mubwere kuno ku Blantyre. Uwawerengere Amayi kalatayi, amve okha.

Andireya

Chisepo
24 Malichi 1991

Mwana wanga Andireya,

Akulemba ndi mayi Nafisa, koma mawu ndi anga, ine mayi ako Marita.

Ine kusukulu sindinapite. Agustino akayankhula, ndimamva ngati zoona. Kalata yako atandiwerengera, ndamvanso ngati zoona. Tizilombo takoto sindinatione, ndipo mtima wako ndinasiya kuuona uli mnyamata wa kabudula, pamene unapita kusukulu yogonera konko. Ukabwera umayankhula zinthu zimene sindizimva. Ndiye sindikunamiza kuti ndikudziwa amene akunena zoona.

Chimene ndikudziwa n'choti mwana wanga wamkazi akulavula magazi chifukwa cha ine.

Mayi Nafisa andipatsa kabotolo, tawiritsa. Ndalavuliramo ndekha lero m'mamawa, kuseri kwa nyumba, ndisanadye kanthu. Dzina lalembedwapo, ndipo za m'katimo ndi zanga zenizeni. Sabina ndi Roza ndawakweza lole pamene Agustino ali ku Misa ya Kanjedza. Sabina amakana, ndachita kumulumbirira. Ine sindingakwere, mafupa angawa sangafike ndi ku Mponela komwe.

Tsono tamva, mwana wanga. Ngati uli dokotala, chiza mlongo wako. Ngati uli chimene Agustino akunena, botolo ndi limenelo, tenga ine, umumasule mnzakoyo, ali ndi khanda. Chilichonse mwa ziwirizi, sindikutemberera. Ndinakuyamwitsa ndine.

Uzidya mokwanira. Pachithunzi chija unali wowonda.

Mayi ako

Mponela
3 Epulo 1991

Sabina,

Ndikulemba ndili pa siteji, ndikudikira basi yobwerera. Ndafuna umve kwa ine, osati kwa anthu odzazonda odwala muwodimo.

Nditakugoneka m'chipatala ndinayeza botolo la Amayi. Ndi timitengo tomwe tija, tochuluka kuposa tako. Sindinadikirenso tchuthi. Ndinatenga mankhwala n'kunyamuka. Kuchokera pano galimoto sizimadutsa, mtsinje unadzaza, ndiye ndinayenda pansi, nsapato m'manja.

Ndinafika Loweruka Loyera. Ndisanalowe m'mudzi ndinakumana ndi adzukulu akuchokera kumanda, makasu paphewa. Amayi anatisiya Lachisanu.

Malume anaima pakati pa njira. Sanakuwe, anangoti, "Walandira katundu wako, ukufunanso chiyani?" Palibe anandipatsa dzanja. Amayi ena anakokera ana awo m'nyumba. Kumanda anandikaniza, ngakhale kukaponya kadothi. Ndinagona m'sitolo mwa a Zuberi, pa matumba a mchere, mankhwala a Amayi ali m'chikwama.

Usasiye jakisoni, Sabina, ngakhale ulire bwanji. Roza tamuyamba kale mankhwala omuteteza. Ndatsala ndi inu awiri.

Andireya

Chisepo
20 Okutobala 1991

Okondedwa achimwene,

Moni wa masiku. Tinafika bwino, ndipo mapiritsi ndikumwa osadumphitsa, musayambe kundilalatira. Roza akuyenda, akuthamangitsa nkhuku za eni. Ndamva kuti sukulu yanu ija yatsegulidwa ndipo mwayamba kuphunzitsa. Ndanyadira, koma ndanyadira ndekha m'nyumba, chifukwa pabwalo sindingayerekeze.

Mukanandiona, achimwene! Ndanenepa, masaya atuluka, madiresi akukana. Ndimayesa anthu akandiona adzachita manyazi. Ayi ndithu. Mawu aja Amayi analembetsa anamveka mudzi wonse, kaya anatulutsa ndani. Ndiye ndikamadutsa pachitsime amakodolana, amvekere, "Mwaona? Anasinthanitsa. Anatenga mayi, n'kumasula mlongo." Kuchira kwangaku ndiye kwasanduka umboni wawo. Ndikanafa akanati mwandidya, ndachira akuti mwasunga pangano. Ndimawauza kuti timitengo tofiira tija munandionetsa, ndinationa ndi diso langali. Amati anakuonetsa zimene amafuna uone.

Ine ndatopa nako kutsutsana. Ndikudziwa chimene chinapha Amayi, ndi masabata aja botolo linakhala patsindwi ife tikukuyezani mtima. Zimandiwawa, ndipo zidzandiwawabe. Pamanda ndadzalapo maluwa, ena ndadzala m'dzina lanu. Ndinawauza Amayi kuti munabwera, nsapato m'manja.

Tsono nkhani imene ndalembera ndi iyi. Malume ayamba kutsokomola. Paja masiku omaliza, ine nditachoka, ndi iwo amene ankagona pafupi ndi Amayi kuti munthu asawayandikire. Aonda, lamba aboola kachibowo kena. Pagulu amati ndi fumbi la fodya.

Dzulo anandipeza ndikusenda mtedza kuseri kwa nyumba. Anakhala pamtondo, nayamba za mvula, za mbewu, za mbuzi ya a Samueli imene inasowa. Dzina lanu sanatchule. Atanyamuka kuti azipita anaima, nkhope atalozetsa kuphiri, n'kufunsa kuti kodi a Zuberi apita liti ku Limbe. Ndinati sabata yamawa. Kenako anati, "Paja amati m'mamawa, munthu asanadye kanthu?"

Ndikudziwa zimene anakuchitani panjira paja. Ine ndemwe ndinafuna kuwayankha zoti asadzaiwale. Koma ndi mlongo wawo wa Amayi, ndipo akamatsokomola ndimamva chifuwa chomwe chija.

Tumizani botolo, achimwene. Ulendo uno dzina ndi makhololo zidzakhala za munthu mmodzi.

Ndine mlongo wanu,
Sabina